Momwe mungakonzere tochi yotchaja yomwe yasiya kusunga moto

M'nyumba zambiri kuno ku Angónia, ku Tsangano ndi ku Macanga muli matochi omwe anaponyedwa pansi pa bedi kapena pamwamba pa kabati chifukwa anasiya kusunga moto. Ndikunena matochi apulasitiki otchaja aja, okhala ndi timano tiwiri kumbuyo tolowetsa pa soketi, komanso nyali zazikulu za mtundu womwewo zokhala ndi chogwirira pamwamba. Akakhala atsopano amawala bwino ndithu, koma pakatha miyezi ingapo amayamba kuzilala pakangopita mphindi zochepa, ngakhale atagona pa magetsi usiku wonse. Damu la Cahora Bassa lili m'chigawo chathu chomwechino cha Tete, komabe midzi yambiri ya kumapiri kuno ilibe magetsi, motero tochi ndiyo imaperekeza mayi wodwala kuchipatala usiku, ndiyo imaunikira mlimi wa mbatatesi akamathirira kudimba m'bandakucha, ndiyonso mwana amawerengera pokonzekera mayeso. Matochi asanu ndi awiri omwe ndakonzapo onse anali ndi mababu abwino ndi switchi yabwino, chomwe chinafa chinali batire lokha.

Mukamasula timisomali n'kutsegula tochiyo mupeza kabokosi kakuda kapena kotuwa, kolemera kuposa momwe kakuonekera, kolembedwa 4V. Limeneli ndi batire la mtovu ndi asidi, m'bale wake wamng'ono wa batire la njinga yamoto, ndipo limafa msanga likamasiyidwa kwa masiku ambiri lilibe moto kapena likamatchajidwa mopyola muyezo. Ntchito yathu ndi kulichotsa n'kuikapo batire la lithiamu lotchedwa 18650. Dzinali limachokera pa kukula kwake, chifukwa ndi la mamilimita 18 m'mimba mwake ndi mamilimita 65 mulitali. Likadzaza limakhala ndi mavoti 4.2, omwe ali pafupi kwambiri ndi mphamvu ya batire lakale lija, n'chifukwa chake mababu a LED amayaka bwino popanda kusintha kanthu kumbali yawo.

Kupatula batirelo, mufunika kabolodi kakang'ono kotchajira kotchedwa TP4056, chitsulo chowotcherera ndi waya wake wosungunula, mita yoyezera magetsi, mawaya awiri aafupi, wofiira ndi wakuda, ndiponso tepi yakuda. Timabolodi timeneti tilipo ta mitundu iwiri ndipo ogulitsa ambiri sasiyanitsa. Kabwino ndi komwe kumapeto kwake kuli malo anayi owotchererapo, olembedwa B+, B-, OUT+ ndi OUT-, chifukwa kali ndi chitetezo chomwe chimadula moto batire likatsika kwambiri kapena mawaya akagundana. Kokhala ndi malo awiri okha a batire musakagule ngakhale atakutsitsirani mtengo. Ine ndimatipeza kwa anyamata okonza mafoni ndi mawailesi ku Ulónguè, ndipo amalonda opita ku mzinda wa Tete kapena owoloka pa Calomue kukagula katundu ku Dedza amatha kukubweretserani mukawaonetsa chithunzi pa foni. Mtengo wake ndi wochepa kwambiri poyerekeza ndi tochi yatsopano, ndipo mukagula tinayi kapena tisanu nthawi imodzi amachotserako mametikali angapo. Sankhani kokhala ndi khomo lofanana ndi chaja ya foni yanu, kaya micro USB kaya Type-C, kuti musamafunenso chingwe china.

Pa batire ndi pomwe anthu ambiri amabedwa ndalama. M'misika mwadzaza mabatire a 18650 a makutu owala olembedwa 8800mAh kapena 9900mAh (mAh ndi muyezo wa kuchuluka kwa moto womwe batire limasunga), ndipo manambala amenewa ndi abodza, popeza batire lenileni la kukula kumeneku silipitirira kwenikweni 3500mAh. Njira yachidule yowazindikirira ndi kulemera kwake. Lenileni limalemera pafupifupi magalamu 45, pomwe lachinyengo limapepuka ngati mulibe kanthu mkati, ndipo mukanyamula awiriwo m'manja mumamva kusiyana kwake popanda sikelo. Mabatire odalirika ndimawapeza m'mabatire akale a laputopu, aja ochotseka ooneka ngati mtanda wautali, omwe okonza makompyuta amangowaunjika pakona. Mkati mwake nthawi zambiri mumakhala mabatire a 18650 asanu ndi limodzi, opangidwa ndi makampani monga Samsung, LG, Sanyo kapena Panasonic, ndipo kawirikawiri amakhala atafa awiri okha pomwe enawo akadali ndi moyo.

Tsegulani chikhokhombe chake pang'onopang'ono potsata msoko, osabaya ndi mpeni molunjika mkati. Mabatirewo mudzawapeza atalumikizidwa ndi timalata topyapyala. Podula timalatato siyani kachidutswa pa mutu uliwonse wa batire, chifukwa ndi pomwe mudzawotchererepo waya, m'malo mowotcherera pa thupi la batire lenilenilo lomwe silifuna kutenthedwa. Mukawalekanitsa yezani lililonse ndi mita. Loonetsa mavoti ochepera 2.5 liikeni padera monga lotayidwa, chimodzimodzinso lomwe lachita dzimbiri, lotupa kapena lophwanyika pena pake. Otsalawo atchajeni limodzilimodzi ndi kabolodi kaja mpaka adzaze, mukuwakhudza nthawi ndi nthawi kuti mumve ngati akutentha. Kenako alembeni tsiku ndi cholembera n'kuwasiya pamalo ozizira kwa sabata yathunthu. Lomwe pakutha pa sabatayo likuonetsabe mavoti 4.1 kapena kuposerapo ndilo loyenera kulowa m'tochi, ndipo lomwe latsika pansi pa 4.0 likudya moto wake lokha. Sabata imeneyi imaoneka yaitali munthu ukakhala ndi changu, koma imakupulumutsa ku ntchito yotsegula tochi kawiri.

Tsopano tafika pa gawo lomwe ndikupempha kuti muliwerenge mosamala, chifukwa ine ndinalakwitsa pomwepa ndipo nyumba ya achimwene anga inatsala pang'ono kupsa. Kuseri kwa timano tolowetsa pa soketi tija kuli kabolodi kena kakale, komwe kali ndi kachipangizo kokulirapo kofiirira kotchedwa kapasita, ndi tizipangizo ting'onoting'ono tingapo tokhala ndi mzere mbali imodzi totchedwa timadayodi. Kabolodi kameneka ndiko kamatsitsa magetsi a mavoti 220 a pa khoma kuti alowe m'batire la mtovu. Tochi yanga yoyamba nditaikonza, ndinaganiza kuti popeza mabatire awiriwa ndi ofanana mphamvu, ndingowotcherera batire la lithiamu pa mawaya omwewo n'kupitiriza kutchaja pa soketi monga kale. Tochi inayaka bwino kwambiri ndipo ndinakondwa. Moto utatha ndinapita nayo kwa achimwene anga ku Ulónguè komwe kuli magetsi, ndinailowetsa pa soketi ya pabalaza madzulo, tonse n'kukagona.

Alamu anga ndiwo anadzuka usiku atamva fungo la pulasitiki wopserera. Anandigogodera pakhomo n'kunena kuti, "Alamu, dzukani mudzaone chinthu chanu chija, chikununkha moto." Nditafika ndinapeza chikhokhombe cha tochi chitafewa mbali imodzi, chikutentha moti sindikanatha kuchigwira ndi manja. Ndinazimitsa soketi, ndinaikoka ndi nsanza, ndinakaiika panja pa mchenga kutali ndi khonde, ndipo m'mawa batire linali litang'ambika khungu ndi kutulutsa madzi pamutu pake. Pafupi ndi soketiyo panali katani ndi mpando wa siponji.

Chifukwa chake ndinachimvetsa pambuyo pake. Kabolodi kakale kaja kalibe chilichonse chodziwira kuti batire ladzaza. Kamangokankhira moto m'batire nthawi yonse yomwe tochi ili pa soketi. Batire la mtovu limapirira nkhanza imeneyi kwa kanthawi, limangouma pang'onopang'ono mpaka kufa, ndipo ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zomwe matochi amenewa sakhalitsa. Batire la lithiamu silipirira, pakuti likapyola mavoti 4.2 n'kumalandirabe moto limatentha, limatulutsa mpweya, ndipo limatha kuyaka moto wovuta kuzimitsa. Choncho kabolodi kakale kachoke konse, pamodzi ndi timano take, kuti pasapezeke mwana kapena mlendo wodzailowetsanso tochiyo pa soketi mwachizolowezi. Ngati timanoto tamatiridwa kuchikhokhombe moti sitingachoke, dulani mawaya ake onse pafupi penipeni ndi pomwe ayambira ndipo mutseke malowo ndi guluu. Dziwaninso kuti kapasita uja amatha kusunga magetsi ngakhale tochi itazulidwa pa khoma, ndiye musanamugwire gunditsani miyendo yake iwiri ndi sikuludiraiva ya chigwiriro cha pulasitiki kuti atulutse omwe watsala nawo. Pa matochi ena switchi ndi timarezisita ta mababu zimakhala pa bolodi limodzi ndi mbali yotchajira. Zikatero musachotse bolodi lonse, koma tsatirani njira zake ndi maso, muchotse kapasita ndi timadayodi tokha, n'kusiya switchi ndi marezisita momwe zilili, chifukwa marezisitawo ndiwo amateteza mababu kuti asapse.

Kabolodi kakale kakachoka, kulumikiza kotsalako ndi kwapafupi. Waya wochokera ku mutu wa + wa batire apite pa B+, ndipo wochokera ku mutu wa - apite pa B-. Musadalire maso pozindikira mitu imeneyi, chifukwa mabatire a m'laputopu ndi afulati mbali zonse ziwiri, ndiye yezani ndi mita musanawotcherere. Mukasemphanitsa mawaya awiriwa kabolodi ka TP4056 kamapsa nthawi yomweyo, n'chifukwa chake ndinanena kuti mugule tingapo. Mawaya awiri omwe poyamba ankachoka pa batire la mtovu kupita ku switchi ndi mababu apite pa OUT+ ndi OUT-. Powotcherera pa kachidutswa ka lata kaja musachedwetsepo chitsulo kupitirira masekondi awiri kapena atatu. Amene mulibe magetsi mutha kutenthetsa chitsulo pa mbaula monga amachitira okonza mawailesi kumudzi, koma mbaulayo ikhale patali ndi pomwe pali mabatire. Nthawi zina mukamaliza kulumikiza tochi siyaka, ndipo simuyenera kuda nkhawa, chifukwa chitetezo cha kabolodi chimadzuka mukangolowetsa chaja kwa kamphindi.

Kulungani mitu yonse ya batire ndi tepi, ndipo popeza batire latsopano ndi laling'ono kuposa malo omwe munali lakale, likhazikeni ndi tizidutswa ta siponji kapena ta patapata wakale kuti lisamagwedezeke tochi ikakhala pa njinga. M'nyali zazikulu muli malo okwana mabatire awiri. Mutha kuwaika awiri, + kwa + ndi - kwa -, malinga onse akhale odzaza mofanana musanawalumikize, koma musawalumikize mondondozana, + kwa -, chifukwa mphamvu idzafika mavoti 8.4 n'kuotcha mababu ndi kabolodi komwe.

Bowolani kamalo ka khomo la USB pomwe panali timano paja, mumate kabolodi ndi guluu wolimba moti kasabwerere mkati mukamalowetsa chingwe, ndipo muboolenso kabowo kakang'ono koonera timagetsi take. Kofiira kamasonyeza kuti batire likutchajidwa, kabuluu kapena kobiriwira kamasonyeza kuti ladzaza ndipo kabolodi kasiya kokha kulowetsa moto. Yesani switchi musanamange timisomali.

Machaja ambiri a foni a mavoti 5 amagwira, chimodzimodzinso sola yaing'ono yokhala ndi khomo la USB, ngakhale kuti ya sola imachedwerapo masiku a mitambo a mu January ndi February. Pa chaja yabwino batire la 2000mAh limadzaza m'maola atatu kapena kucheperapo. Muzizimitsa tochi pamene ikutchajidwa, chifukwa ikamayaka kabolodi sikazindikira bwino kuti batire ladzaza. Potchaja ndi sola, padzuwa pakhale sola yokhayo, tochi ikhale pamthunzi, makamaka kwa inu a ku Moatize ndi mumzinda wa Tete komwe kutentha kwa mu October ndi November kumapitirira madigiri 40. Matochi a pamutu ambiri amabwera kale ndi malo a 18650, ndiye kwa amenewo mungochotsa batire lopepuka lomwe anagulitsidwa nalo n'kuikamo loyesedwa lija. Batire la mtovu lomwe mwachotsa musaliponye pamoto, m'chimbudzi kapena pafupi ndi chitsime. Lisungeni pomwe ana safika mpaka adzadutse ogula mabatire akale a galimoto, ndipo mabatire a lithiamu okanidwa aja muwamate tepi mitu yonse musanawaike m'chitini chawochawo.