Momwe Mungawengere Zikhadabo za Galu Wanu Pakhomo Popanda Kulimbana Naye

Galu wanu akamayenda pa simenti kapena pa matailosi n'kumamveka zikhadabo zikugogoda pansi, dziwani kuti zatalika. Galu akaima chilili, zikhadabo siziyenera kukanikiza pansi. Zikatalika zimakankha zala ndi kuzipotoza, galu amasintha kaimidwe, ndipo pakapita nthawi ululu umakwera mpaka m'mfundo za miyendo. Zina zimakodwa pa kapeti kapena pa waya n'kung'ambika. Galu wothamanga tsiku ndi tsiku pamalo olimba zikhadabo zake zimatha zokha, koma wokhalitsa m'nyumba, woyenda pa udzu pokhapokha kapena wokalamba amafuna kuti mwini wake amuwenge.

Zimenezi ambiri amazidziwa. Chowavuta n'chakuti galu akangoona chowengera amalowa kunsi kwa bedi. Kenako mwini wake amaitana anthu, wina agwire khosi, wina miyendo, wachitatu adule mwamsangamsanga. Inenso ndinachitapo zotero ndi galu wanga wa zikhadabo zakuda. Iye akuphiriphitha, ine ndinadula mopitirira, magazi anangoti chuu pansi, ndipo kwa miyezi ingapo sankalola kuti ndimukhudze phazi ngakhale pomusisita. Chimene chinatiyanjanitsanso ndi choseweretsa chobisamo chakudya. N'chifukwa chake ndikuyambira pamenepo, chowengera chibwera pambuyo.

Yambani ndi choseweretsa chomuganizitsa

Galu amadziwa dziko ndi mphuno. Kununkhiza, kufufuza ndi kunyambita zimamutopetsa bwino ndiponso zimamukhazika mtima pansi. Choseweretsa chimene tikunena pano ndi chilichonse chimene mwabisamo chakudya, moti galu ayenera kuganiza ndi kulimbikira kuti achipeze. Chodziwika kwambiri ndi Kong, chalabala chobowoka mkati. Anachipanga Joe Markham wa ku America m'zaka za m'ma 1970, ataona galu wake amene ankawononga mano potafuna miyala akukondwera ndi kachipangizo kalabala ka galimoto ya Volkswagen. Ku Sweden nako, Nina Ottosson anayamba mu 1990 kupanga timatabwa tokhala ndi zipinda zotsekeka, zimene galu amatsegula pokankha ndi mphuno kapena phazi.

Simukuyenera kudikira kuti mugule zimenezi. Tengani thaulo lakale, liyaleni pansi, mwazanipo tizidutswa ta chakudya chake, kenako likulungeni ngati mkeka. Galu azilifunyulula ndi mphuno mpaka apeze zonse. Botolo lapulasitiki louma nalonso limagwira ntchito: chotsani chitsekerero ndi kamkombero kotsala pakhosi pake, booleni timabowo tiwiri kapena titatu m'mbali, ikanimo chakudya chouma kuti chizigwa akamaligubuduza. Ngati muli ndi chiwaya chophikira makeke chokhala ndi timaenje, ikani chakudya m'timaenjemo n'kuvundikira kalikonse ndi mpira wa tenisi.

Tsiku loyamba musamuvutitse. Thaulo likulungeni molekerera, mabowo a botolo akhale aakulu, chakudya china chionekere poyera. Galu akalephera koyambirira amagwa ulesi n'kuchoka, kapena amakwiya n'kuyamba kung'amba choseweretsacho. Akapambana kawiri katatu, ndiye muziwonjezera kuvuta pang'onopang'ono. Ndipo muzikhala pomwepo. Kachidutswa ka nsalu kapena ka pulasitiki kakamezedwa kakhoza kutseka matumbo, choncho akayamba kutafuna botolo m'malo moligubuduza, lichotseni.

Pa ntchito ya zikhadabo, choseweretsa chabwino koposa ndi chonyambita, chifukwa galu amakhala malo amodzi mutu uli pansi. Pakani chakudya chofewa mkati mwa Kong, pa mbale yosasweka kapena pa kamphasa kalabala kopangidwira zimenezi, n'kuika mufiriji kuti chiume ndi kuzizira. Chikauma amatenga nthawi yaitali kuti amalize. Ngati mupaka chiponde chogula, werengani zolembedwa pa botolo: chikakhala ndi xylitol musamupatse, mankhwala otsekemeretsa amenewa amapha galu ngakhale atadya ochepa. Chokoleti, anyezi ndi mphesa nazo musaike m'choseweretsa chilichonse. Zimene wadyera m'choseweretsa muzichotsere pa chakudya chake cha tsikulo kuti asanenepe mopitirira.

Masiku ozolowetsa mapazi

Apa ndi pamene anthu ambiri amafulumira, pomwe ndi pamene pagona ntchito yonse. Sankhani nthawi imene galu wayenda kale ndipo watopa pang'ono. Mupatseni chonyambita chija. Ali mkati monyambita, musisiteni paphewa, tsikirani kumwendo, gwirani phazi kwa kamphindi, lisiyeni. Basi, tsiku loyamba lathera pomwepo.

Mawa lake gwirani phazi motalikirapo, ndipo kanikizani chala chimodzichimodzi mofatsa kuti chikhadabo chitulukire. Tsiku lina ikani chowengera pansi pafupi ndi mbale kuti achinunkhize. Lotsatira chikhudzitseni ku chikhadabo osadula. Kenako dulani kamtengo ka machesi pafupi naye kuti azolowere kulira kwa chowengera, chifukwa agalu ena chimene amaopa kwenikweni ndi phokoso lija loti thyo.

Diso lanu likhale pa galu nthawi yonseyi. Akasiya kunyambita, akabweza phazi, akaumitsa thupi, akamayasamula pafupipafupi kapena kuyang'ana kumbali mpaka choyera cha m'maso kuonekera, akukuuzani kuti zamukwana. Siyani phazi, bwererani pa zimene analola dzulo. Akamalira mokalipa kapena kuonetsa mano musamumenye. Kukalipako ndi chenjezo, ndipo galu amene walangidwa chifukwa chochenjeza amadzaluma osachenjeza. Kagalu kakang'ono kamazolowera m'masiku ochepa. Galu wamkulu amene anapwetekedwapo angatenge milungu ingapo, wanga anatenga yoposa itatu. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Zida

Pezani chowengera cha agalu. Chilipo chonga pulayala, chimene chimakwanitsa zikhadabo zochindikala za agalu aakulu, ndi china chokhala ndi kabowo kolowetsamo chikhadabo, choyenera agalu aang'ono. Chowengera cha anthu n'chopangidwira chikhadabo chophwatalala, ndiye pa galu wamkulu chimaphwanya m'malo modula. Chida chikabuntha chimafinya chikhadabo ndipo galu amamva kuwawa ngakhale simunafike pamnofu. Palinso kamakina kamagetsi kopala zikhadabo. Kameneka kamatentha mukakakhalitsa pamalo amodzi, choncho muzikhudzitsa kwa masekondi awiri kapena atatu n'kuchotsa, ndipo ubweya wautali muziukankhira kumbali kuti usakulungike.

Musanayambe ikani pafupi tupa yosalazira, tochi, kansalu koyera ndi ufa woletsa magazi umene ogulitsa zinthu za ziweto amautchula styptic powder. Ukasowa, ufa wosalala wa chimanga kapena wa tirigu umathandiza.

Kudziwa polekezera

Chikhadabo cha galu si chouma chonse. Mkati mwake muli kamnofu kamoyo kokhala ndi mitsempha ya magazi ndi minyewa yomvera ululu. Kamayambira patsinde n'kumaonda cha kunsonga. Ntchito yanu ndi kudula mbali youma yokha.

Pa chikhadabo choyera kamnofuka kamaoneka kofiirira. Unikani ndi tochi kuchokera kuseri, mukaona bwinobwino pamene kathera. Siyani mamilimita awiri kuchokera pamenepo.

Chakuda ndiye chovuta, chifukwa kunja simuona kanthu. Tembenuzani phazi muyang'ane kunsi kwa chikhadabo. Nthawi zambiri kunsonga kumakhala kamgula, ngati kangalande kopanda kanthu mkati, ndipo mbali imeneyo ndi youma. Dulani kachidutswa kopyapyala, ka milimita imodzi kapena awiri, ndiye yang'anani pamene mwadulapo. Poyamba pamaoneka poyera mouma ngati choko, pena pamanyenyeka. Dulaninso pang'ono, yang'ananinso. Mukaona pakatikati patulukira kadontho kakuda kapena kotuwa, kowala ngati kanyowa, lekerani pomwepo. Kamnofu kali kuseri kwa kadontho kameneko. Ine tsiku limene ndinakaona koyamba ndinadabwa kuti n'kakang'ono chotere, ngati nsonga ya pensulo, ndipo ndinazindikira kuti ulendo uja ndinkadula osayang'ana n'komwe.

Kuwenga kwenikweniko

Khalani pamalo owala ndiponso osaterera. Galu wamng'ono mukhoza kumuika pa tebulo loyalapo thaulo, wamkulu agone chammbali kapena aime, inu mukhale pambali pake. Ngati waima, pindani mwendo chakumbuyo monga umapindikira mwachibadwa. Musaukokere kumbali, zimenezo zimamupweteka paphewa kapena m'chiuno. Ngati pali wokuthandizani, ntchito yake ikhale yogwira mbale yonyambita, osati yopanikiza galu.

Gwirani chala chimodzi pakati pa chala chanu chachikulu ndi chamkombaphala, mokhazikika koma osafinya. Kankhirani ubweya kumbali. Ikani chowengera mopendekera pang'ono, motsatira mmene chikhadabo chapindikira, ndipo dulani kamodzi motsimikiza. Kudula monyinyirika kumapotoza chikhadabo. Mukatha, muyamikireni ndi mawu ofatsa, nsonga zakuthwa muzisalaze ndi tupa.

Ulendo woyamba wengani chikhadabo chimodzi chokha, ngakhale galu akuoneka kuti sakudandaula. Mawa china. Palibe lamulo loti zonse zithe tsiku limodzi. Agalu ambiri ali ndi zikhadabo 18, ndipo mutamawenga ziwiri patsiku mumaliza m'masiku 9 galu asanakhumudwepo. Agalu ena savuta kwambiri ndi mapazi akumbuyo, choncho mukhoza kuyambira kumeneko. Zikhadabo zakumbuyo kawirikawiri zimakhala zazifupi kale, zimangofuna kukhudza pang'ono.

Musaiwale kachikhadabo kamene kali pamwamba pang'ono, chamkati mwa mwendo wakutsogolo. Agalu ena ali nako ndi kumiyendo yakumbuyo komwe. Kameneka sikagunda pansi poyenda, ndiye sikatha kokha. Kakasiyidwa kamapindika ngati mbedza mpaka kulasa khungu n'kuyambitsa bala, ndipo pa galu waubweya wambiri mwini wake amadzazindikira mochedwa, galu atayamba kunyambita mwendo kosalekeza.

Magazi akatuluka

Zimachitika ngakhale kwa odziwa ntchito. Galu amalira kamodzi, magazi amaoneka ambiri kuposa kukula kwa balalo. Musakuwe, musamusiye athamange m'nyumba monse. Tapani ufa uja ndi chala, unjikani pansonga ya chikhadabo, kanikizani ndi kansalu kwa mphindi ziwiri kapena zitatu osasuzumira. Kusuzumira pafupipafupi kumachotsa magazi amene ayamba kuundana. Akasiya, galu akhale phee kwa kanthawi, asanyambite chalacho ndiponso asapite pamatope. Kuwenga kuthere pomwepo tsiku limenelo, koma chonyambita chake mumusiyire amalize. Magazi akapitirira mphindi 15 mukukanikiza, pitani naye kwa dokotala wa ziweto.

Kwa dokotala muyeneranso kupita ngati chikhadabo chang'ambika mpaka patsinde, chalowa m'khungu, chala chatupa kapena chikutuluka mafinya, kapena galu akutsimphina. Chimodzimodzinso ngati mantha ake ndi aakulu moti akufuna kuluma. Madokotala ali ndi mankhwala omukhazika mtima pansi. Mankhwala a anthu opha ululu kapena ogonetsa musamupatse.

Thabwa lopalira, kwa galu wokana chowengera

Pali njira ina imene imasandutsa kuwenga kukhala masewera. Tengani thabwa losalala lotalika ngati mkono wanu, matanipo sandipepa, liyedzamitseni pa maondo anu mopendekera. Bisani kachakudya pamwamba pa thabwalo, kunsi kwa kansalu kapena m'dzanja lanu. Galu pofuna kukafikira amapalasa ndi phazi, zikhadabo n'kumakhuzika pa sandipepa. Akangopalasa mupatseni kachakudyako. Posakhalitsa amamva kuti kupalasako ndiko kukubweretsa mphoto. Yambani ndi sandipepa yosakhakhala kwambiri, ndipo mukapalasitsa kangapo yang'anani zikhadabo ndi zikopa zakunsi kwa mapazi, chifukwa galu wokonda chakudya sadziletsa, akhoza kupala mpaka kutuluka magazi. Thabwali limathandiza kwambiri mapazi akutsogolo, makamaka zala zapakati. Kachikhadabo kam'mbali kaja muyenera kukawengabe ndi manja.

Kangati?

Agalu ambiri amafuna kuwengedwa pakatha milungu itatu kapena inayi. Koma ngati zikhadabo zakhala zazitali kwa miyezi, kamnofu kamkati nako kamakhala katatalika, ndiye simungazifupikitse tsiku limodzi. Muzidula pang'ono chabe mlungu uliwonse, kufika pafupi ndi kadontho kaja osakapyola. Kamnofuko kamabwerera m'mbuyo pang'onopang'ono. Galu wanga zinamutengera miyezi pafupifupi iwiri. Masiku ano ndikatulutsa mbale yake mufiriji amakagona yekha pa thaulo lija, ndipo akamadutsa pa simenti usiku sindimumvanso.