Mmene mungaunikire ndemanga musanagule uvuni kapena makina osakanizira ufa

Anthu ena ophika makeke ndi masikono ku Mchinji amasankha uvuni kapena makina osakanizira ufa potengera ndemanga za pa Facebook ndi YouTube, koma si ndemanga zonse zimene zingakuthandizeni.

Choyamba, fufuzani dziko limene wolembayo amakhala. Magetsi a kuno ku Malawi ndi a mavoti 230 pamene a ku United States ndi a mavoti 120, choncho makina amene akutamandidwa kumeneko akhoza kupsa tsiku lomwelo limene mwawalumikiza kuno. Musadalire chithunzi chokha, koma werengani kachikwangwani kamene kali pansi kapena kumbuyo kwa chipangizocho.

Onaninso kuti munthuyo wachigwiritsa ntchito kwa nthawi yaitali bwanji. Amene wangochitulutsa m'katoni dzulo amangoyamikira kunyezimira kwake. Ndemanga yothandiza ndi imene imafotokoza ngati makinawo amatentha akamakanda ufa wolimba wa buledi, kapena ngati keke imapserera chakumbuyo kwa uvuni pamene chakutsogolo idakali yaiwisi pakati. Ine ndimayambira pa ndemanga za nyenyezi ziwiri kapena zitatu, chifukwa ndi mmene zofooka zenizeni zimatchulidwa, ndipo wolemba amene anapatsidwa katunduyo kwaulere sindimukhulupirira msanga.

Musanapite kukagula ku Lilongwe kapena ku Chipata, funsani amayi amene amagulitsa masikono pamsika wa pa boma kuti akuuzeni uvuni umene wawakhalitsa komanso kumene amaukonzetsa ukawonongeka. Mukafika m'sitolo, pemphani kuti aulumikize ku magetsi inu muli pomwepo, ndipo musunge lisiti.