Ayezi akang'amba boti pa mabawuti a keel, konzani chonchi

Kuno ku Lake Ontario, nyanja ya pakati pa Canada ndi America, maboti a matanga amatulutsidwa m'madzi cha mu Okotobala nkukhala pamtunda mpaka Epulo kapena Meyi, ndiye vuto limayambira pomwepo. Madzi a mvula amalowera mu mast (mlongoti wa matanga) kapena pa hatch (kachitseko ka pamwamba pa boti) nkukadikha mu bilge, pansi penipeni pomwe pali mabawuti ogwira keel, chitsulo cholemera chomangidwa kunsi kwa boti. Madzi akaundana amafufuma pafupifupi 9 peresenti, ngati botolo lodzadza lija limaphulika mu filiza. Akasungunuka amalowa mkati mwa mng'alu womwe apanga, usiku aundananso, mng'alu ukukulirakulira choncho mpaka dzinja lithe.

Chonde musangopaka sealant (phala lotsekera madzi) pamwamba nkumati zatheka. Keel ndi imene imaletsa boti kugubuduzika, ikachoka anthu amafa. Mu 2014 boti lotchedwa Cheeki Rafiki linataya keel pa nyanja ya Atlantic, anthu anayi onse amene anali mmenemo sanapezeke. Sanali ayezi amene anachititsa, koma malo ake ndi omwewa.

Choyamba umitsani bilge yense ndi siponji, tsukani mafuta ndi zinyalala kuti muone bwinobwino. Tengani kahamala kakang'ono muzigogoda pang'onopang'ono mozungulira bawuti iliyonse. Pabwino pamalira kuti ngwe ngwe, pomwe fayibagalasi yasiyana mkati pamalira mogonthera, pamenepo lembani ndi maka. Tulukani panja muyang'ane pomwe keel yakumana ndi thupi la boti, ngati pali mng'alu makamaka chakutsogolo ndipo pakutsika timadzi ta dzimbiri ndiye kuti madzi akudutsa mu mabawuti. Ming'alu yopyapyala ya pa gelcoat (khungu losalala la pamwamba pa fayibagalasi) yokha siyoopsa kwenikweni. Koma mawashala akamira mkati, kapena keel ikugwedera boti likanyamulidwa ndi kireni, itanani surveyor, katswiri woyeza maboti, basi, imeneyo ndi ntchito yotsitsa keel yonse osati ya munthu mmodzi pa wikendi.

Pomasula manati boti likhale litatsamira pa keel yake, kulemera konse kuli pamenepo, ma stand (zitsulo zochirikiza m'mbali) akungoligwira kuti lisapendame. Masulani nati imodzi imodzi, osati onse nthawi imodzi ayi. Mukachotsa washala yang'anitsitsani bawutiyo ndi tochi, makamaka pomwe ikulowa mu fayibagalasi. Stainless imapusitsa abale, pamwamba imakhala ikuwala chonsecho pansi pomwe sipafika mpweya yadyeka, yatsala yowonda. Mukaona timaenje kapena yachepa pakati, bawuti imeneyo yatha. Pa keel ya cast iron nthawi zambiri ma stud (mabawuti opanda mutu) amapotokoleka nkuikapo ena, koma pa keel ya mtovu mabawuti anawaumbira mkati momwemo atapindika ngati J, sangatuluke, pamenepo pamafunika amisiri odziwa.

Ngati mabawuti ali bho, tengani girayinda muchotse fayibagalasi yonse yoyera mbuu ndi yosweka mpaka mufike yolimba. Valani masiki ndi magalasi, fumbi lake ndi loipa zedi ndipo limayabwa. M'mphepete musasiye mothima, senderani motsetsereka 12 kwa 1, kutanthauza kuti ngati mwakumba 5mm kuya, kutsetserekako kufike 60mm mbali zonse. Maboti ena akale anaika plywood mmenemo pansi pa mabawuti, mukaipeza yonyowa chotsani yonse, imaola ndipo ndi imene imapangitsa manati kukhwepa.

Tsopano apa ndi pomwe ambiri amalakwitsa chifukwa chothamangira kuti boti libwerere m'madzi anzawo asanawasiye. Malowo ayenera kuuma kwenikweni, ndipo zimatha kutenga masabata. Tsukani ndi madzi abwino otentha kangapo, ikani hita kapena dehumidifier mkati, tsegulani mabolodi apansi. Kuti mudziwe ngati pauma matani kapulasitiki koonekera ndi tepi pamalopo usiku wonse, mmawa mukapeza timadontho mkati mwake dikiranibe. Epoxy, guluu amene mudzamatire fayibagalasi yatsopano, sagwira pa chinyezi, mudzangotsekera madzi mkati kuti adzaundanenso chaka chamawa, ndalama ndi mphamvu zonse zapita pachabe.

Pakauma pukutani ndi acetone, kulungani tepi pa mazinga a bawuti kuti epoxy isagwerepo, kenako yambani kuyala nsalu ya fayibagalasi ya mtundu wa biaxial yonyowetsa ndi epoxy, leya ndi leya, mukukanikiza ndi rola kuti mpweya utuluke, mpaka mufike pa kukhuthala kwa poyamba. Ineyo ndimakonda epoxy kuposa polyester pa ntchito iyi chifukwa imamata bwino pa fayibagalasi yakale. Samalani ndi kuzizira, epoxy ya West System 105 yosakaniza ndi hardener (mankhwala oumitsira) 205 imauma ngakhale kuzizire mpaka pa 4°C koma 206 imafuna 16°C kupita mmwamba, ndiye mu Epulo wa kuno muzitenthetsa malowo. Pamwamba ikani mbale yokhuthala ya stainless kapena G10 (mbale yolimba ya fayibagalasi ndi epoxy) m'malo mwa timawashala tating'ono tija, muikhazike pa epoxy yolimbitsa ndi silica kuti igone mofanana paliponse. Ikauma pakani sealant mozungulira bawuti, pa mazinga pakani Tef-Gel, phala loletsa zitsulo kulumana, chifukwa stainless pa stainless imatha kulumana osamasukanso, ndipo mangani manati ndi torque wrench (sipanala yoyeza mphamvu yomangira) pa mlingo womwe opanga botilo ananena, osati kungokoka ndi paipi mpaka mutatopa. Mng'alu wa panja uja ukumbeni pang'ono, uume, mudzadzemo sealant yofewa ngati Sikaflex 291.

Boti likabwerera m'madzi muziyang'ana mu bilge masiku oyambirira, ndipo likadzatulukanso muyesenso manati. Dzinja likubweralo ikani garboard plug, kachibowo ka pansi kotulutsira madzi boti likakhala pamtunda, tsekani pa mast, vindikirani boti bwino, ndipo thirani antifreeze wa pinki wa propylene glycol mu bilge. Pulagiyo mukaichotsa imangirireni pa chiwongolero kuti musadzaiwale kuibwezera tsiku lolowetsa boti m'madzi.