Musanayeze mankhwala pa maselo, yambani mwafufuza Mycoplasma

Inu amene mumasunga maselo m'labotale n'kumayezerapo mankhwala a khansa kapena a mavairasi, chenjerani ndi kachilombo kotchedwa Mycoplasma. Ndi bakiteriya wamng'ono kwambiri moti amadutsa sefa ya 0.2 micron. Alibe khoma lakunja, choncho penicillin amene mumathira m'madzi odyetsera maselo samugwira. Madziwo amaonekabe abwinobwino ndipo maselo amakula ndithu. Ali ngati nankafumbwe: thumba lili lodzaza, koma chimanga chatha m'kati.

Kachilomboka sikatha kudzipangira kokha zomangira DNA ndi RNA, ndiye kamadya ma nucleoside amene kawapeza m'madzimo. Nucleoside ndi shuga wolumikizana ndi base, ndipo kali ndi ma enzyme oigwirira ntchito. Nucleoside phosphorylase imatenga phosphate n'kudula polumikizirapo, shuga apo, base apo. Cytidine deaminase sidula, imangochotsa kagulu ka amino, cytidine n'kusanduka uridine. Tsono mankhwala ambiri anapangidwa mofanana ndi ma nucleoside, ndipo ma enzyme amenewa sasankha. Gemcitabine, amene ndi mankhwala a khansa, akakumana ndi cytidine deaminase amasanduka dFdU, yemwe alibe mphamvu yopha khansa. Inu mulemba kuti maselo akukana mankhwala, chonsecho mankhwalawo sanafike n'komwe.

Zinachitikapo ndithu. Gulu la Ravid Straussman, wasayansi wa ku Weizmann Institute ku Israel, linaona kuti maselo ena a pakhungu akuteteza maselo a khansa kwa gemcitabine. Atafufuza anapeza kuti wochita zimenezi anali Mycoplasma hyorhinis amene analowerera m'maselowo. Iwo sanalekere pomwepo. Mu 2017 analengeza kuti mwa zotupa 113 za khansa ya kapamba (pancreas) zimene anayeza, 76 peresenti zinali ndi mabakiteriya, makamaka a gulu la Gammaproteobacteria, lomwe ambiri mwa iwo ali ndi enzyme yowononga gemcitabine.

Ndiye muzitani? Maselo achilendo, ngakhale akupatseni mnzanu wodalirika bwanji, asungeni paokha mpaka mutawayeza. Musanayeze, akuleni masiku angapo opanda maantibayotiki, chifukwa ena amangochepetsa kachilomboka n'kukabisa. Njira yachangu ndi PCR, imene imafufuza DNA ya kachilomboka. Ngati mulibe zipangizo zake, pakani maselo utoto wa DAPI kapena Hoechst: maselo oyera amawala pa nucleus pokha, pomwe odwala amaoneka ndi timadontho towala mozungulira ponse. Palinso njira yakale imene ine ndimaikonda chifukwa imagwiritsa ntchito enzyme ya kachilombo komweko. Muthira 6-methylpurine deoxyriboside, amene pamlingo woyenera maselo oyera sawapweteka. Mycoplasma akakhalamo amaudula, pamatuluka poizoni wa 6-methylpurine, maselo n'kufa.

Mukakayikira kuti mankhwala akudyedwa, tengani madzi amene maselo akuliramo, muchotse maselowo, muthiremo mankhwala, kenako pakapita maola muziyeza ndi HPLC, makina oonetsa kuchuluka kwa mankhwala amene atsala. Mbale ina muonjezemo tetrahydrouridine, amene amatseka cytidine deaminase. Gemcitabine akatha m'mbale zinazo koma n'kutsala m'mbale imeneyo, wakuba mwamugwira.

Pogwira ntchito musamacheze mutayang'ana mbale zotsegula, pakuti Mycoplasma orale amachokera m'kamwa mwathu momwemu. Mtundu uliwonse wa maselo ukhale ndi botolo lakelake la madzi. Maselo akapezeka ndi kachilomboka, musawamvere chisoni: aphikeni mu autoclave (makina ophera tizilombo ndi nthunzi) pa madigiri 121, mupukute incubator yonse, ndipo musungunule ena oyera amene munasunga. Kuwachiza ndi mankhwala kusiyireni maselo okhawo amene simungawapezenso kwina.