Kuyeza mafuta a pamimba ndi tepi ya telala

Mwafunsa, achimwene, ngati mimba yakulayo ndi yoopsa. Kabwerekeni tepi kwa telala mumsika wa Zomba.

Imirirani mapazi ali pamodzi, mutavula malaya. Tulutsani mpweya, koma musakokere mimba mkati, poti ambiri amadzinamiza pamenepa. Zungulizani tepi pakati pa nthiti yomaliza ndi fupa la m'chiuno. Kenako yezani pomwe matako atukuka kwambiri. Gawani nambala yoyamba ndi yachiwiri: masentimita 95 kugawa ndi 100 ndi 0.95.

Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati kuyambira 0.90 kwa abambo ndi 0.85 kwa amayi, chiopsezo cha shuga ndi matenda a mtima chimakwera, chifukwa mafutawa amaunjikana mozungulira chiwindi ndi matumbo. Mukafika pamenepo, chonde kayezetseni shuga ndi BP kuchipatala chachikulu cha Zomba. Muyezowu sugwira kwa amayi oyembekezera.