Mmene mungakopere ana asukulu ku ntchito za magetsi

Mukaitanidwa kusukulu kukalankhula za magetsi adzuwa ndi amphepo, musayambe ndi choko pabolodi. Ine ndimanyamula kasola, kamota kokhala ndi kafani, nthambo ziwiri ndi kababu ka LED, kenako ndimatulutsa ana panja.

Lumikizani kasolako ku kamota padzuwa, kafani kayamba kuzungulira. Uzani mwana mmodzi aphimbe kasola ndi buku, kafani kaima. Pamenepo afunseni kuti: nanga usiku chipatala chiunikira ndi chiyani? Asiyeni atsutsane okha mpaka wina atchule batire. Kenako lumikizani kababu ku kamota, muzunguze kafaniko mwamphamvu kababu kaphethire. Aone ndi maso awo kuti makina amphepo ndi amadzi amapanga magetsi mwa njira yomweyi.

Ntchito muzitchule mayina ake: okoka nthambo pamapolo, okonza thiransifoma, oika sola padenga, komanso mainjiniya amene usana ndi usiku amaonetsetsa kuti magetsi opangidwa akufanana ndi amene anthu akugwiritsa ntchito. Auzeni mosabisa kuti masamu ndi fizikisi sangazizembe. Nthambo ndimayamba kupatsa atsikana, chifukwa anyamata sachedwa kulanda zida zonse.

Magetsi a pasoketi musayeserere nawo ana, amapha. Sola yaing'ono ndi mabatire a tochi n'zokwanira.