Momwe mungafutsire ndiwo zamasamba kuti chilimwe chisakupezeni mulibe ndiwo

Mu Febuluwale nkhwani amachita kusowa womudya. Wayanga m'mizere yonse ya chimanga, khwanya ali mbwee, chitambe ndi icho, bonongwe wangodzimerera padzala popanda wofesa. Kumsika mulu wosefukira m'manja umapita pamtengo wongotaya. Koma pofika Seputembala ndi Okutobala, dambo litauma, kamtolo ka repu ka masamba asanu timakagula ngati nyama, ndipo pakhomo popanda dimba nsima imayenda ndi nyemba lero, nyemba mawa.

Mfutso ndiwo umatseka mpata umenewu. Ena a m'tauni amaunyoza kuti ndi ndiwo za osauka, zakuda ndi zonunkha utsi. Ine ndimati amenewo adadya mfutso wofutsidwa mosasamala. Ntchito yonse yagona pa zinthu ziwiri: kuwiritsa pang'ono chabe, ndi kuumitsa msanga.

Sankhani masamba ndi tsiku

Masamba omwe amafutsika bwino ndi khwanya, chitambe, nkhwani, bonongwe, luni, chisoso ndi denje. Chitambe ndi khwanya ndiye akatundu, chifukwa akauma sasanduka fumbi msanga ndipo kakomedwe kake kamabwerera mumphika. Repu, mpiru ndi kabichi nazonso zimatheka, kungoti zili ndi madzi ambiri, ndiye zimachedwa kuuma.

Cholakwa chomwe ambiri timachita ndi kufutsa zotsala, masamba okhwima achikasu omwe takana kudya lero. Tsamba loipa silikhala labwino chifukwa chouma. Thyolani masamba anthete, nsonga ndi masamba awiri kapena atatu otsatira, m'mawa mame atangokamuka. Ngati munapopera mankhwala a mbozi m'mundamo, werengani pabotolo masiku oyenera kudikira musanathyole, ndipo muwadikire onse.

Tsiku nalo musankhe. Mu Januwale ndi Febuluwale masamba ndi ambiri koma dzuwa ndi lonyenga, kucha bwinobwino masana mvula iyo. Kumapeto kwa Malichi ndi mu Epulo mvula ikuyamba kukata, masamba akadalipo, ndi pamene ntchitoyi imakoma. Yang'anani kumwamba: mukufuna masiku awiri kapena atatu a dzuwa otsatizana. Kwa inu a ku Thyolo, Mulanje ndi Blantyre, musadikire mpaka Juni, chiperoni chikayamba palibe chouma.

Kukonza ndi kutsuka

Chotsani mapesi olimba ndi masamba odyedwa ndi tizilombo. Nkhwani muyambe mwamusadzula monga muchitira pophika. Tsukani kawiri kapena katatu m'beseni mpaka pansi pasamatsalenso mchenga, ndipo mutsuke musanadule, osati mutadula kale. Dothi limene lalowa mu mfutso simudzalichotsanso, mudzalipeza m'mano mu Okutobala. Kenako duladulani mofanana, kuti zonse ziumire limodzi. Masamba ang'onoang'ono ngati a luni mutha kungowasiya osadula.

Kuwiritsa, pomwe ambiri amaphonyera

Terekani mphika waukulu, madzi ochuluka, ndi kamchere pang'ono, ngati supuni yaing'ono pa lita imodzi. Dikirani madzi abwate kwenikweni. Musaike masamba m'madzi ozizira n'kumayembekezera kuti awire pamodzi, pamenepo mukuphika, simukufutsa.

Ponyani masamba ochepa nthawi imodzi, oti madzi awamize onse osaleka kubwata. Vundulani ndi mthiko kamodzi, ndipo pakatha mphindi 2 kapena 3 vuulani. Chizindikiro chake ndi mtundu: tsamba limafota n'kusanduka lobiriwira kwambiri, lowala kuposa mmene linalili m'munda. Likayamba kuoneka lofiirira ngati ndiwo zogona, mwachedwa. Chitambe chokhwimirako chingafune mphindi imodzi yowonjezera, bonongwe wanthete ngakhale ziwirizo zimamuchulukira.

Mwina mungafunse kuti bwanji osangoyanika osawiritsa. M'tsamba muli mphamvu yomwe imapitiriza kuliwononga ngakhale lathyoledwa, ndiyo imachititsa kuti lisinthe mtundu, liwawe ndi kutaya zofunika m'thupi. Kutentha kwa madzi obwata kumaiimitsa, kumapha tizilombo tili pamwamba, komanso kumafewetsa tsamba kuti madzi atulukemo msanga poyanika. Koma kuwiritsa nthawi yaitali kumatsukulutsa mavitamini ena m'madzi omwe mukataye kuseri kwa nyumba.

Soda kapena chidulo musathire pofutsa. Ndikudziwa kuti zimafewetsa ndiwo, koma zimawononga mavitamini, ndipo masambawo amaphwetekerera n'kumatana poyanika.

Mukavuula, ikani m'lichero loyera kapena m'sefa kuti madzi akhe. Finyani mopepuka ndi chipande, osachita kupotokola ngati mukuchapa chitenje. Madzi a mumphika aja mutha kuwiritsira magulu atatu kapena anayi, akada musinthe.

Kuyanika

Pansi ayi. Nkhuku, mbuzi, agalu ndi fumbi la kamvuluvulu zonse zikudikira pamenepo. Yanikani pathandala, pamphasa kapena pamkeka woyera, kapena pa thumba lochapa bwino lomwe simunasungiremo feteleza. Balalitsani mopyapyala, mibulu yonse muimasule ndi zala, chifukwa mbulu umauma kunja mkati muli chinyezi. Pamwamba funditsani kansalu kopyapyala kapena neti yoyera yopanda mankhwala kuti ntchentche zisatere. Neti yogonamo ija yopatsidwa kuchipatala ili ndi mankhwala ophera udzudzu, siyoyenera kukhudza chakudya, ndiponso ntchito yake ndi ina.

Pano pali mkangano pang'ono ndi amayi athu. Iwo amayanika padzuwa la phwee, padenga lamalata, ndipo zimauma tsiku limodzi. Kuuma zimaumadi, koma dzuwa lachindunji limawaula masamba ndi kuwononga gawo la vitamini A, amene ali chifukwa chachikulu chomwe alangizi a zaumoyo amatiuzira kuti masamba obiriwira asasowe pa magulu 6 a zakudya. Malo abwino ndi a mthunzi wopepuka podutsa mphepo, monga pakhonde kapena pansi pa kachisakasa. Pamenepo zimatenga masiku 2 mpaka 4. Mukaona kuti kunja kuli chinyezi ndipo mumthunzi zikuchedwa, tulutsirani padzuwa, chifukwa mfutso wowauka ndi wodyeka koma wankhungu ndi wotaya.

Tembenuzani kawiri kapena katatu patsiku. Dzuwa likamapendeka anulani, mulowetse m'nyumba osaunjika, mawa muyanikenso. Mame a usiku umodzi amabweza ntchito ya tsiku lonse.

Kuti mudziwe kuti zauma, tapani pang'ono mufinye m'dzanja. Zikalira kuti tswa n'kuphwanyika, zatheka. Zikangopindika, ngakhale pang'ono, bwezerani pathandala. Musadabwe ndi kuchepa kwake: dengu lodzaza limatsala kambale kamodzi, poti tsamba laliwisi pafupifupi lonse ndi madzi.

Kusunga

Chaka changa choyamba ndinafutsa khwanya wokongola, koma ndinali ndi changu. Ndinamuanula masana akadali wofunda, wina asanaumitsitse, n'kumangira mujumbo. Patatha masabata atatu nditamasula, fungo lokha linandibweza m'mbuyo, mkati muli nkhungu yoyera ngati thonje. Zonse zinapita kudzala. Choncho mukaanula komaliza, siyani zizizire kaye mumthunzi musanatsekere.

Makolo amasunga m'chikwatu: amayala masamba aakulu a msuku, kuika mfutso pakati, kukulunga ngati mpira n'kumanga ndi luzi, kenako kupachika kudenga lakukhitchini komwe utsi ndi kutentha kwa moto zimathamangitsa chinyezi ndi tizilombo. Njirayi ikugwirabe ntchito, ndipo kafungo ka utsi kaja ena ndi komwe amakafuna. Ngati muli m'tauni, botolo louma lotseka bwino, chigubu kapena ndowa ya chivundikiro zikwanira. Gawani m'zotengera zing'onozing'ono zingapo, kuti musamatsegule chimodzi chomwecho tsiku lililonse, ndipo ikani pamalo amdima, pamwamba, kutali ndi makoswe. Lembani mwezi pa chotengera chilichonse ndipo muziyamba kudya zakale. Kamodzi pamwezi suzumirani; zikayamba kufewa, yanikaninso tsiku limodzi. Mfutso wouma bwino umafika mvula yotsatira osavuta.

Zina zomwe mungaumitse

Therere lobala siliwiritsidwa, mumangolidula timagawo n'kuyanika. Tomato akatchipa, mudule mopyapyala, muwaze kamchere, muyanike pa chinthu chosachita dzimbiri. Iyeyu amafuna dzuwa lenileni ndi masiku ochulukirapo. Bowa, monga utale, naye amafutsika, koma futsani yekhayo amene mukumudziwa bwino. Kuwiritsa ndi kuyanika sikuchotsa poizoni mu bowa wakupha.

Kuphika

Tapani dzanja limodzi kapena awiri, zimafufuma kwambiri. Nyikani m'madzi ofunda kwa mphindi 15 mpaka 30, ndipo ngati munatsuka bwino pofutsa, madzi omwewo ndi ophikira, musawataye. Terekani, zikafewa ikani tomato, anyezi ndi mchere, polawa kaye poti wina unalowa kale pofutsa. Kenako nsinjiro. Mtedza wake muusankhe musanasinje, wofota, wowola ndi wachuku utayidwe, chifukwa chuku ndi poizoni yemwe saphedwa ndi moto. Wazani nsinjiro pamwamba, vundikirani kwa kanthawi kuti zipse ndi nthunzi, ndiyeno takasani ndi mthiko pamoto wochepa mpaka msuzi ugwirane. Mafuta a mu mtedzawo amathandiza thupi kutenga vitamini A wa m'masamba, ndiye ngati nsinjiro palibe, kasupuni ka mafuta ophikira kasalephere.

Chitambe chimatenga nthawi kufewa kuposa bonongwe, choncho musazisakanize mumphika umodzi pokhapokha chitambe chitsogole ndi mphindi 10.